Ola lobwera kawiri

Ku Britain, Lamlungu lomaliza la mwezi wa Okutobala, ola limodzi limabwera kawiri. Wotchi ikangofika pa 2 koloko usiku, lamulo la dzikolo limati ibwerere pa 1 koloko, moti mphindi iliyonse ya pakati pa 1 ndi 2 imadutsa kawiri usiku umenewo. Lamlungu lomaliza la Malichi zimatembenuka: 1 koloko ikakwana, wotchi imalumpha n'kukagwera pa 2, ndipo 1:30 ya usiku umenewo simungaipeze paliponse. Ambiri sazimva n'komwe. Amagona, foni n'kudzikonza yokha, m'mawa n'kungodandaula kuti wotchi ya pa uvuni kapena ya m'galimoto yasokonekera.

Komatu m'mafakitale, m'malo oyeretsera madzi ndi m'mabekale akuluakulu muli mawotchi ena amene lamuloli sanalimvepo. Amakhala mkati mwa timakina totchedwa PLC, tomwe ndi tamene timalamulira makina enawo. Mukatsegula kabati yachitsulo yotuwa pakona pa fakitale, mumapeza kabokosi koti mukhoza kukapana m'khwapa, kali ndi timagetsi tobiriwira ndi tofiira, mawaya olembedwa manambala akulowa m'munsi mwake. Ntchito yake ndi yobwerezabwereza: kamafunsa tizipangizo toyeza kuti thanki yadzaza kapena ayi, uvuni watentha bwanji, kenako kamayatsa pampu kapena kuzimitsa mota, n'kuyambiranso kufunsa, kambirimbiri pa sekondi imodzi, usana ndi usiku. Tina mwa timabokosi timeneti tinaikidwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo sitinapumepo kufikira lero. Wotchi yake ndi kamwala ka quartz konjenjemera ndi kabatire kochirikiza magetsi akathima. Kamwalako kamadziwa kuwerenga basi. Za nyumba ya malamulo ya ku Westminster sikadziwa kanthu.

Ndiye tiyerekeze injiniya amene watopa kudzuka pakati pa usiku kawiri pa chaka kukasintha ola ndi manja. Akuganiza zoiphunzitsa PLC kuti izidzisinthira yokha. Akulemba mzere umodzi mu pulogalamu: ngati mwezi uli 10, tsiku lili Lamlungu, deti lapitirira pa 24, ndipo ola lakwana 2, bwezera ola pa 1. Mzerewo ukuoneka wolongosoka, ndipo usiku wake ukafika ukugwiradi ntchito. 2 koloko yakwana, ola labwerera pa 1. Mphindi 60 zikudutsa. 2 koloko yakwananso. Mwezi ukadali 10, tsiku likadali Lamlungu, deti silinasinthe. Kabokosi kakuchita zomwe kanauzidwa, kakubwezeranso ola pa 1. Kunja tambala akulira, dzuwa likutuluka, antchito a m'mawa akufika pageti, koma mkati mwa kabati yotuwa ija nthawi ikungozungulira pakati pa 1 ndi 2. Uvuni umene umayenera kuyamba kutentha 4 koloko uli zii. Lipoti la 6 koloko silinatuluke. Ndipo popeza wotchiyo sidzafikanso pakati pa usiku, Lolemba silidzabwera mpaka munthu atalowererapo.

Aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyi amaudziwa msampha umenewu, ndipo mankhwala ake ndi ochepa modabwitsa: kachizindikiro kamodzi m'chikumbukiro cha makinawo, kokhala 0 kapena 1. Ola likabwezedwa, kachizindikiroko kamaikidwa pa 1, kutanthauza kuti "ndachita kale", ndipo mzere uja umaonjezeredwa funso lina: kodi wachita kale? Mawa lake kamabwezedwa pa 0 kudikira chaka chamawa. Kayeneranso kusungidwa pamalo pomwe sikafufutika magetsi akathima, apo ayi kuthima kwa sekondi zochepa pa 1:40 yachiwiri kudzaiwalitsa makinawo zonse, n'kubwezanso ola kachiwiri.

Kanthu kameneka kamandiganizitsa kwambiri kuposa mbali ina iliyonse ya nkhaniyi. Makina aja sanalakwitse kalikonse. Anamvera, ndipo kumvera kwake n'kumene kunawatsekera. Chimene chinasowa ndi kukumbukira kuti lamulolo lakwaniritsidwa kale. Munthu wosintha wotchi yapakhoma saganiza n'komwe za zimenezi, chifukwa thupi lake limadziwa kuti wakwera kale pampando, wazunguza kale muvi. Nzeru yoteroyo tili nayo yambiri moti sitiiwerengera ngati nzeru. Timaizindikira pokhapokha tikafuna kuisamutsira m'chinthu chimene chilibe. Kupatsa makina ntchito kumatikakamiza kulemba poyera zonse zomwe takhala tikuchita mosalankhula, ndipo nthawi zambiri timapeza kuti zosalankhulidwazo ndi zochuluka kuposa zomwe tinalemba.

Paja ola la pa wotchi ndi pangano la anthu. Sitima zapamtunda zisanabwere, tauni iliyonse ku England inali ndi nthawi yakeyake, yotengera pamene dzuwa lafika paliwombo pamalopo. Bristol inali m'mbuyo mwa London ndi mphindi 10, ndipo mpaka pano wotchi ya pa nyumba ya Corn Exchange mumzindawo ili ndi mivi iwiri ya mphindi, wina wa nthawi ya Bristol, wina wa London. Kampani ya Great Western Railway ndi imene inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya London m'masiteshoni ake mu 1840, kuti sitima zisamasokonezane. Zosuntha wotchi malinga ndi nyengo zinabwera pambuyo. Mu 1895 George Hudson wa ku New Zealand, wogwira ntchito ku positi amene ankakonda kutolera tizilombo akaweruka, anapempha kuti wotchi izisunthidwa ndi maola awiri kuti madzulo azitalika. Mu 1907 William Willett, womanga nyumba wa ku England, anasindikiza kabuku kodandaula kuti anthu akuwononga kuwala kwa m'mawa ali m'tulo. Iye ankafuna mphindi 80, zosunthidwa 20 Lamlungu lililonse la mu Epulo, n'kubwezedwa chimodzimodzi mu Sepitembala. (Mainjiniya a lero ayenera kuthokoza kuti maganizo amenewa sanadutse momwe analili.) Willett anamwalira mu 1915 asanaone kanthu. Chimene chinakankha maboma ndi nkhondo: Germany inasuntha mawotchi pa 30 Epulo 1916 pofuna kupulumutsa malasha, ndipo Britain inatsatira pa 21 Meyi chaka chomwecho.

Chimene lamulo lamanga, lamulo limamasulanso. Russia inasiya kusintha mawotchi mu 2011, n'kusunthanso nthawi yake yokhazikika mu 2014. Turkey inasiya mu 2016, Namibia mu 2017, Brazil mu 2019. Egypt inasiya, kenako inayambiranso mu 2023.

PLC inabadwa ndi mtima wosiyana kotheratu. Mu 1968 kampani ya General Motors inali itatopa ndi makabati odzaza masiwichi a maginito, omwe ankafunika kulukidwanso mawaya nthawi zonse mtundu wa galimoto ukasintha. Inapempha chipangizo choti chizisinthidwa ndi pulogalamu, koma chopirira fumbi, kutentha ndi kugwedezeka kwa m'fakitale. Dick Morley ndi anzake a ku Bedford Associates anapanga Modicon 084, yomwe inatchedwa choncho chifukwa inali ntchito ya nambala 84 ya kampani yawo. Kuyambira pamenepo, ulemu wa PLC wakhala pa kusasintha. Foni ya zaka 5 timati yakalamba, pomwe PLC ya zaka 25 mwini fakitale amati ndi yodalirika, ndipo safuna kuti wina aikhudze. Sakulakwitsa. Kuimitsa mzere wopangira katundu kwa sabata kuti muike makina atsopano ndi ndalama zambiri, ndipo makina atsopanowo amabwera ndi mavuto awoawo omwe palibe akuwadziwa.

Apa m'pamene pagona vuto: chinthu chomangidwa kuti chikhale zaka 30 chapatsidwa lamulo lomwe aphungu angalisinthe masana amodzi. America inalawa zimenezi mu 2007. Kuyambira 1987 mawotchi kumeneko ankapita patsogolo Lamlungu loyamba la Epulo n'kubwerera Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo masiku amenewa analembedwa m'zipangizo zosawerengeka ngati kuti ndi achikhalire. Lamulo la zamphamvu zamagetsi ndi mafuta la 2005 linasintha zonsezo: kuyambira 2007, Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala. Makompyuta a m'maofesi analandira zokonza kudzera pa intaneti. Zipangizo zakale zomwe lamulo linalembedwa mkati mwake zinapitiriza kumvera lamulo lakufa. Mu Malichi zinkatsalira ndi ola, munthu n'kuzikankha ndi manja. Epulo akafika zinkalumpha zokha, n'kukhala patsogolo ndi ola, munthu n'kuzibweza. Kumapeto kwa chaka chimodzimodzi. Ntchito yomwe inkachitika kawiri pa chaka isanapatsidwe kwa makina inasanduka ya kanayi. Zili ngati mlonda wokhulupirika amene bwana woyamba anamuuza kuti azitseka geti 6 koloko, bwanayo anachoka kalekale, kampani inayamba kugwira ntchito mpaka usiku, koma iye akutsekabe 6 koloko ndipo palibe akukumbukira kuti anamuuza ndani.

Pothawa zimenezi, ambiri amati PLC isamaganize yokha za nthawi, izingouzidwa ndi kompyuta ina yomwe ili ndi wotchi yolondola. Nzeru yabwino, koma kuuza kanthu makina a zaka 30 si kophweka. Ambiri alibe bowo la netiweki. Amalankhula kudzera pa chingwe cha RS-232 kapena RS-485, ndipo kampani iliyonse inali ndi kalankhulidwe kake. Kofala kwambiri ndi Modbus, kamene Modicon inatulutsa mu 1979. Modbus imadziwa makamaka chinthu chimodzi: kuwerenga ndi kulemba manambala m'timalo tosungira, kalikonse kotha kusunga nambala kuyambira 0 mpaka 65535. Deti siidziwa, ola siidziwa. Wopanga chipangizo aliyense anasankha yekha kuti chaka chikhala pati, mwezi pati, ndiponso kalembedwe kake. Pa SLC 5/03 ya Allen-Bradley, chaka, mwezi, deti, ola, mphindi ndi sekondi zili m'timalo toyambira S:37 mpaka S:42. Pa S7-300 ya Siemens muyenera kuitana kapulogalamu kapadera kotchedwa SFC 0, ndipo chaka chimalembedwa ndi manambala awiri okha: 90 mpaka 99 ndi zaka za m'ma 1990, pomwe 00 mpaka 89 ndi 2000 mpaka 2089. Kalendala ya makina amenewo ili ndi mapeto ake olembedwa kale.

Ndiye pakati pa kompyuta yatsopano ndi kabokosi kakale pamaikidwa kabokosi kena komasulira, mbali ino chingwe cha netiweki, mbali inayo mawaya awiri opotana. Ngakhale pamenepo pali misampha. Mukalemba ola payekha kenako mphindi pazokha, ndipo zikachitika pa sekondi yomwe 59 ikusanduka 00, kwa kanthawi kochepa makinawo amakhala pa nthawi yomwe sinakhalepo, ndipo PLC yoyang'ana wotchi kambirimbiri pa sekondi ikhoza kuiona nthawi yabodzayo n'kuchitapo kanthu. Palinso mtengo wina wobisika. Modbus sifunsa kuti walankhula ndani. Ilibe mawu achinsinsi. Inapangidwira chingwe chachifupi cha m'chipinda chokhoma, m'nthawi yomwe aliyense wogwira chingwecho anali wapakhomo. Njira yomwe mwatsegula kuti ola lidutse ndi yomweyo yomwe lamulo loyatsa pampu lingadutsiremo. Kuyambira pamene pulogalamu yowononga ya Stuxnet inatulukira mu 2010, itasokoneza ma PLC a Siemens pamalo a nyukiliya a Natanz ku Iran, palibe injiniya wanzeru amene amaboola khoma loterolo mopepuka. Ine ndimaona kuti nthawi zina amene amakana kulumikiza, n'kusankha kuti wina azikasintha ndi manja, amakhala ataganiza mozama kuposa amene akuwaseka kuti ndi achikale.

Akadaulo ambiri lero amalangiza kuti PLC isasinthidwe ola n'komwe. Ikhale pa UTC, nthawi ya dziko lonse yomwe silumpha ndi nyengo, ndipo kusandutsa kukhala nthawi ya kumaloko kuzichitikira pa sikirini pomwe munthu akuwerenga. Langizoli likuchokera pa kuzindikira kuti mawu oti nthawi amanyamula zinthu ziwiri. China ndi kutalika: mtanda ufufume mphindi 40, klorini athiridwe pakatha maola 6 alionse, mota ipume sekondi 30 isanayakenso. Chinacho ndi dzina lomwe tapatsa mphindi inayake kuti tikumanepo: 6 koloko, 1:30. Kutalika n'kwa chilengedwe, ndipo mtanda sudziwa kuti kuli boma. Dzina ndi lathu, timalisuntha tikafuna. Ngozi zambiri za usiku wosintha mawotchi zimabwera pamene kutalika kwayezedwa pogwiritsa ntchito mayina. Amene analemba kuti "thira mankhwala 1:30" m'malo molemba kuti "thira pakatha maola 6" adzathira kawiri mu Okutobala, ndipo mu Malichi sadzathira.

Choopsa china chili m'kaundula wa ma alamu. Makina akaonongeka, funso loyamba la ofufuza limakhala lakuti chinayamba n'chiyani: pampu inaima chifukwa thanki inauma, kapena thanki inauma chifukwa pampu inaima? Yankho limadalira nthawi yolembedwa pambali pa alamu iliyonse. Mu ola lobwera kawiri, alamu ya 1:50 ikhoza kukhala kuti inalira 1:10 isanafike, ndipo kompyuta ikazindandalika motsatira manambala, chotsatira chimaoneka ngati choyambitsa. Si nkhani ya mawotchi a nyengo okha. Magetsi atathima kumpoto chakum'mawa kwa America ndi ku Canada pa 14 Ogasiti 2003, n'kusiya anthu pafupifupi 50 miliyoni mumdima, ofufuza anavutika kulumikiza ndondomeko ya zochitika chifukwa mawotchi a zipangizo zambiri sankagwirizana.

Komabe UTC sithetsa zonse, chifukwa fakitale imakhala pakati pa anthu, ndipo anthu amayendera mayina. Shifiti imayamba 6 koloko ya pakhoma. Mtengo wa magetsi umasintha ndi ola la kumaloko. Msika wa magetsi wa ku Britain umagawa tsiku m'zigawo 48 za theka la ola, koma tsiku la mu Malichi lija limakhala ndi 46, la mu Okutobala 50, ndipo pulogalamu iliyonse yowerengera ndalama iyenera kudziwa zimenezo. Achibale athu ogwira ntchito ya usiku m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain amalidziwa ola limeneli m'miyendo: shifiti ya usiku wa mu Okutobala imatalika ndi ola lathunthu, ndipo ngati olalo lilipidwa kapena ayi zimadalira zomwe zinalembedwa mu kontirakiti. Kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique wotchi sisuntha, tili maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse, popeza usana wathu sutalika kapena kufupika kwambiri. Timangozimva pa foni: amene ali ku Leeds amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi m'nyengo yawo yotentha, maola awiri m'nyengo yozizira, ndipo mayi amene anazolowera kuimbiridwa atangodya mgonero amadabwa kuti mwana wayamba kuchedwa.

Tsono penapake payenera kukhala chinthu chodziwa malamulo a mawotchi a dziko lililonse, ndipo chilipodi. Ndi mndandanda wotchedwa tz, umene Arthur David Olson anauyambitsa m'zaka za m'ma 1980 ndipo Paul Eggert wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles wakhala akuusamalira kwa zaka zambiri. Mafoni ndi makompyuta ochuluka padziko lapansi amadalira mndandanda umenewu. Mukati foni yadzikonza yokha, chimene chachitika n'chakuti anthu ochepa, ambiri mwa iwo ongodzipereka, anawerenga zilengezo za maboma, anakambirana, n'kulemba mzere watsopano. Mu Malichi 2023 boma la Lebanon, motsogozedwa ndi nduna yaikulu Najib Mikati, linalengeza kutatsala masiku awiri okha kuti kusuntha wotchi kuchedwetsedwa mpaka mu Epulo, m'nyengo ya Ramadan. Mpingo wa Maronite ndi mabungwe ena anakana, ndipo kwa masiku angapo dziko laling'onolo linali ndi nthawi ziwiri, mpaka boma linabweza ganizo lake. Osamalira mndandanda uja anausintha kawiri m'sabata imodzi. Munthu wodzuka usiku uja sanachotsedwe pa ntchito. Anangosamutsidwa, kuchoka pa kabati ya m'fakitale kupita kutali kumene mwini fakitale sadzamuona, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti akumudalira.

Ku Ulaya nkhaniyi ili lende. Mu 2018 bungwe la European Commission linafunsa maganizo a anthu, ndipo mwa mayankho 4.6 miliyoni, 84 pa 100 alionse anati kusintha mawotchi kuthe. Mu Malichi 2019 nyumba ya malamulo ya Ulaya inavomereza, koma maboma a mayikowo sanagwirizane, ndipo mawotchi akusunthabe. Tsiku limene adzagwirizane, mafoni adzamva m'sabata yomweyo. Mizere yolembedwa m'ma PLC sidzamva. Wina adzayenera kufunafuna laputopu yakale yokhala ndi bowo la chingwe choyenera, pulogalamu yomwe imayenda pa Windows yakale, ndi chingwe chomwe mwina chinatsala chimodzi m'dirowa ya woyang'anira. Akadzakopera pulogalamu kuchokera mu PLC, adzapeza kuti mawu ofotokozera mulibe, chifukwa pa makina ambiri a m'badwo umenewo ndemanga za wolemba zinkasungidwa pa kompyuta yake, osati m'kabokosimo. Adzangoona manambala: B3:0/7 apa, N7:12 apo. Adzayenera kutsatira mzere ndi mzere kuti adziwe ngati B3:0/7 ndi kachizindikiro ka wotchi kapena ndi kamene kamaletsa mapampu awiri kuyaka nthawi imodzi, uku woyang'anira ataima kumbuyo kwake akufunsa kuti makina ayamba liti kuyenda. Ena adzafufuta mzerewo. Ena, ataona kuchuluka kwa zomwe sakuzidziwa, adzatseka laputopu, n'kumata pepala pa chitseko cha kabati lonena miyezi yomwe wotchiyo izikhala yolakwika ndi ola limodzi.